Mkono pa Khosi la Eneya

Belita ankathyola nandolo m'munda mwake ku Nkhulambe pamene anamva mwana wake wamkulu, Sylvester, akuseka. Kunali kuseka kouma, konga kumene kunkamveka m'kanyumba ka vidiyo pamsika, momwe mnyamatayo ankathera masana onse akaweruka kusukulu. Chiyambireni Fomu 2, nkhani zake zinali za anthu othyolana makosi basi.

Belita anapatula nthambi nasuzumira. Sylvester anali atagwada, mkono atauzengeza pakhosi pa mng'ono wake Eneya, wa Sitandade 1. Miyendo ya Eneya inkapalasa dothi, kenako inangoti zii.

"Sylvester! Musiye!"

"Tikungosewera, amayi. Adzuka. Onse amadzuka."

Belita anamukankhira kumbali. Eneya anagwa ngati thumba, maso atatembenuzika. Anamugwedeza, kumuitana, kumuuzira mpweya m'kamwa. Mwanayo anatsokomola, nayamba kupuma movutikira, kukhosi kukulira ngati mluzu.

A Goodman, oyandikana nawo munda, anawakweza panjinga kuthamangira kuchipatala. Njira yonse Belita anaika dzanja pachifuwa cha mwanayo kuti amve ngati chikukwerabe.

Namwino, mayi Wanangwa, atamuyeza anati achira. Atamva mmene zinachitikira, anaitanira Belita pambali.

"Pamsinkhu wa mwana wanu wamkuluyo ubongo umakhala usanakhwime. Mbali imene imamuuza munthu kuti apa leka imachedwa kukula. Ena akazolowera kuonera anthu akuphana tsiku ndi tsiku, mtima umasiya kudumpha. Si onse ayi, koma uyu mukhale naye pansi, mumve zimene zili m'mutu mwake."

Pofika kunyumba dzuwa litapendeka, anapeza Sylvester ali pakhonde, yunifomu ili dothi lokhalokha, akuyang'ana manja ake. Eneya atamuona anabisala kuseri kwa chitenje cha amayi ake.

Belita anali atakonza mawu ambiri m'njira, koma mnyamatayo ndiye anayamba.

"Amayi, atasiya kupalasa ndinamva ndithu kuti wafooka. Ndinadziwa. Koma mumtima munalibe chilichonse. Ndimangodikira kuti ndione chichitike n'chiyani."

Belita anakhala pansi pambali pake, pakati atasiya mpata, ndipo patapita nthawi anamugwira phewa.

Sylvester anasiya kupita ku vidiyo sabata yomweyo popanda womuletsa. Komabe Belita sanawasiyenso awiriwo okha, ngakhale pongopita kumjigo.