Injini Imene Inaleka Kukodza

Nkhaniyi anandiuza ndi wogulitsa zingwe wina amene ndinabisala naye mvula pakhonde la sitolo.

Kunali makaniko wa mainjini a boti amene anthu ankangomuti a Sipanala. Akulu ake atamwalira, injini yawo inakhala nthawi yaitali m'chipinda cha katundu, itapachikidwa pathabwa, mpaka banja linagwirizana kuti mkamwini wa malemuyo aziyendetsa boti lawo. Ulendo woyamba womwewo injini inatentha, mkamwini n'kubwerako akupalasa ndi nkhafi. Abale anati waipha ndi iyeyo, amulande boti. Koma anati a Sipanala ayambe aiona.

Iwo anamiza mwendo wa injini, mbali ija yolowa m'madzi, mumgolo wa madzi n'kukoka chingwe. Kulira inalira, koma pakabowo kam'mbali, pamene pamatuluka kamzere ka madzi injini ikamazizira bwino, panali pouma gwa.

"Sikukodza," anatero.

"Ine sindinaigunditse paliponse, bambo," anatero mkamwini.

"Ndakufunsa? Gwira apa, manja akowo si okongoletsera malaya."

Anamasula mabawuti, kutsitsa mwendo, kutsegula pampu. M'menemo mumakhala kampira ka mapiko kamene kamakankha madzi kuti akwere kukaziziritsa injini, ndipo kakazungulira pouma kamapsa. Aka kanali katathothoka mapiko onse. A Sipanala anayala tizidutswa pansanza kuti aone ngati tonse tilipo, poti kotsalira kamakatseka njira ya madzi. Kamodzi anachita kukakolowola ndi waya m'paipi.

Chinawaimitsa mutu ndi chikho cha pampuyo, mmene kampirako kamazunguliramo. Chinali chosungunuka, inde, koma zopsererazo zinali zakale, zosanjikizana, fumbi lili pakati. Ananunkhiza, kukanda ndi chikhadabo. Injiniyi sinapsere pamadzi ayi. Wina ankailiza pouma, pang'ono pang'ono, kambirimbiri.

"Unaiyesapo pamtunda iwe?"

"Ndikanalowa bwanji, kiyi amasunga apongozi?"

A Sipanala anapukuta m'manja n'kulunjika kuchipinda kuja. Pansi pa thabwa, khoma linali bii ndi mwaye. Pambali panali kampando, ndi kapu ya tiyi yoiwalika. Potembenuka anapeza alamu awo, mkazi wamasiye wa akulu awo aja, ataima pakhomo.

"Alamu, khomali ladetsedwa ndi chiyani?"

"Makoswe."

"Makoswe akwanu amasuta petulo?"

Mayiwo anaseka pang'ono, kenako anakhala pakampando paja.

"Akulu anu ankailiza m'mawa uliwonse, ine n'kumawakalipira kuti andigonthetsa. Atapita, nyumba inangoti zii. Ndiye ndinkalowa muno, kukoka, kumvetsera pang'ono, kuzimitsa."

"Nanga mgolo umene unkakhala apawu?"

"Ndinautulutsa, ndimachapiramo. Ndinkayesa ankangotsukiramo injiniyo. Mwana wa eniakeyu musamulande boti, alamu. Ndinachita manyazi kunena."

Kwa abale aja, a Sipanala anangoti kampira kanapsa kale, mkamwini alibe mlandu, ndipo wofuna kutsutsa abwere anunkhize yekha. Palibe anabwera. Anaika kampira katsopano ndi chikho china, injini n'kuyamba kukodza ngati mwana wakhanda. Boti linatsala m'manja mwa mkamwini, koma anamupatsa lamulo: asananyamule injini m'mawa, aziyamba wailiza mumgolo wodzaza madzi, pafupi ndi zenera la apongozi ake.

Wogulitsa zingwe uja anathera pamenepo, mvulanso n'kukata. Koma ine m'maulendo angawa ndinakokapo chingwe cha injini yotere, phewa linandiwawa mpaka ndinkalephera kuvala jekete. Ndipo iye yemweyo anati mayiwo anali ochepa thupi, oti mphepo ikhoza kuwakankha. Zoti kampira kamapsa pouma ndikuvomera. Zoti chingwecho ankakoka ndi iwo, ndikukayika. Ndikuganiza kuti pali amene ankawakokera, ndipo mayiwo sanafune kumutchula.