Khoma Lotuluka Thukuta

"Khoma lija likutuluka madzi," ndinatero. "Madzi ofiira. Chonsecho mvula sinagwe sabata yonseyi."

Unali msonkhano wa makolo ndi a khonsolo, m'holo ya sukulu ya pulayimale ya m'dera lathu. Anatiitanira nkhani ya mahampu a mumsewu ndi penti ya geti, koma ine ndinakweza dzanja mpaka phewa kuwawa. Khoma limene ndinkanenalo aliyense ankalidziwa. Chaka cham'mbuyo khonsolo inalola kampani ina kusema phiri la kumtunda kwa sukulu n'kumangapo nyumba zosanja, ndipo dothi lotsalalo analitchinga ndi chikhoma cha konkire, chachitali kuposa denga la Sitandade 1. Mwana wanga, amene timangomuti Katimba, ankaphunzira m'kalasi imeneyo. Nyumba yathu ya lendi inali kumunsi kwake, kungodumpha mpanda wa sukulu.

A khansala anavula magalasi n'kumwetulira. "Mayi, khoma limenelo likugwira ntchito usana ndi usiku. Ndiye lisatuluke thukuta?"

Holo yonse inaphulika ndi chikhakhali. Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Yalira Alamu!" Ndilo dzina limene anandipatsa mumsewu mwathu, ati ndili ngati alamu ya galimoto, yolira ngakhale mphaka akangodutsa. Sindikana. Ndine munthu woti ndimatsika minibasi kubwerera kunyumba kukaona ngati ndazimitsa ayironi.

Mwamuna wanga anandikoka diresi. "Khalani pansi, mayi a Katimba. Mwandiyalutsa."

"Akatswiri anayeza zonse," a khansala anapitiriza. "Wanganso mwana ali m'kalasi yomweyo. Ndingamutchere msampha ndekha?"

Anthu anaomba m'manja, tinabwerera ku mahampu.

Mtima sunakhale pansi. Ndinapita ku ofesi ya mapulani ya khonsolo. Bambo wa patebulo loyamba anati khomalo ndi la kampani. Mayi wa m'chipinda chotsatira anati sukulu ndi ya a zamaphunziro. Wina wa tayi yobiriwira anandifunsa ngati khomalo lagwa. Nditati ayi, anatambasula manja.

"Ndiye mwabwera kudzanena kuti chachitika n'chiyani?"

Kenako mvula inayamba, ija yosabangula, yongonyowetsa tsiku ndi tsiku mpaka zovala kununkha chinyezi m'nyumba. Masana ena ndinapita ndi ambulera kukatenga Katimba. Nditalowa m'kalasi ndinapeza mabenchi onse awakankhira kutsogolo, ana atapanikizana pafupi ndi bolodi ngati anapiye. Theka la kumbuyo linali mbee.

"Kumbuyoko kukudontha," aphunzitsi ake anatero, asanafunsidwe n'komwe.

Ndinayang'ana kudenga. Kunali gwa, kouma. Ndinayang'ana pansi. M'tsinde mwa khoma la kumbuyo munali mng'alu woti chala changa chikanalowa.

"Amama, taonani matsenga!" Katimba anagwada n'kuika pensulo pasimenti. Palibe anaikhudza. Inayamba yokha kugubuduka, pang'onopang'ono, kenako mwaliwiro, mpaka kukagunda chitseko. Ana onse anakuwa mokondwa.

"Timachita mpikisano," anatero mwanayo. "Amapambana ndi mnzanga uja wa pensulo yonenepa, koma sakubweranso."

"Mnzako uti?"

"Wa a khansala."

Ndinatembenukira kwa aphunzitsi. Anali mtsikana wa msinkhu wanga, choko chili mbuu m'manja. Anandikokera pakhonde.

"Anamusamutsa kumayambiriro kwa sabata," ananong'ona. "Ati kuno n'kutali. Kutali kwake kuti, nyumba yawo ikuoneka apo? Chonde, musanene kuti mwamva kwa ine. Ahedi anawauza a khonsolo, akudikira yankho."

"Nanga inu mukubwerabe?"

"Anawa ndiwasiyire ndani?"

Pobwerera sindinalole Katimba kuyenda. Ndinamunyamula, chimwana cholemera chotero, maso anga ali kumtunda. Chikhoma chija chinali chitada ndi madzi, ndipo pamwamba pake nyumba zatsopano zinali zitapachika kale makatani.

Mwamuna wanga anafika kuchokera kugalaja mdima utangoyamba, ovolosi ili yonyowa. Ndinamufotokozera zonse asanavule nsapato: mabenchi, pensulo, mwana wa a khansala. Anamvetsera, nkhope ili yotopa.

"Chabwino, mawa asapite kusukulu. Mwakhutira?"

"Nanga ife? Khoma likagwera kalasi, kalasiyo igwera ndani?"

"Mayi a Katimba, inu tsiku lina mudzathawa chithunzithunzi chanu chomwe."

Anapita kusinki kuti asambe m'manja. Mpope unatsokomola, n'kutsokomolanso, kenako unalavula matope ofiira m'zikhatho zake. Anapotokola uku ndi uku. Phee, ngakhale dontho. Paipi yathu inkachokera kumtunda, kudzera pansi pa bwalo la sukulu, ndipo anali iyeyo amene anandiuza zimenezo tikulowa m'nyumbayi.

"Mwina akukonza," anatero, koma sanandiyang'ane.

Ndi pamene tinamva phokoso lija. Silinali lalikulu. Linali ngati munthu akukoka bedi lolemera m'chipinda cha pamwamba, pomwe nyumba yathu inalibe pamwamba. Makapu anagundana m'kabati. Galu wa aneba, amene anali akuuwa chifikire madzulo, anangoti zii.

"Ndi bingu," anatero mwamuna wanga.

"Bingu lodzera kumapazi?"

Katimba anali atagona pasofa, chala chili m'kamwa. Ndinagwada n'kuyamba kumuveka nsapato.

"Mukutani tsopano?"

"Tikupita kwa akulu anga."

"Mvula imeneyi? Tidikire kuche, tione bwinobwino. Tikathawa n'kupezeka kuti palibe kanthu, mumsewu muno tidzayenda bwanji? Atiseka mpaka Katimba kukwatiwa."

"Aseke," ndinatero. "Kuseka kumafuna munthu wamoyo. Inu dikirani kuche, bambo a Katimba. Ine ndi mwanayu sitigona muno. Ndipo ndisanapite ndigogoda khomo lililonse la mzere uno."

Ndinali ndisanamulankhulepo motero. Ndinabereka mwanayo, n'kumanga nsalu mfundo ziwiri, mutu wake wotentha uli pakhosi panga. Ndinkaopa khoma, ndinkaopa mdima, ndinkaopanso nkhope za aneba akamatsegula zitseko n'kupeza kuti ndi ine.

Mwamuna wanga anaima pakati pa khitchini, manja ali m'mwamba ngati munthu wogwidwa, matope akuyenderera m'zigongono. Anayang'ana mpope. Anayang'ana mapazi a mwanayo akulendewera m'chiuno mwanga. Phokoso lija linabweranso, lalitaliko pang'ono, ndipo babu linaphethira.

Sanafunefune n'kansalu kopukutira komwe. Anatambasula dzanja n'kuchotsa tochi pamsomali, zala zisanu zofiira n'kutsala pakhoma loyera la eni nyumba.

"Inu yambani makomo a kumanzere," anatero. "Ine a kumanja. Mugogode mwamphamvu."