Anansi a m'Nyumba Yachikasu

Luntha anali ataima pampando, manja onse awiri atagwira fulemu ya chithunzi, pamene anti Lenifa anatsika masitepe atanyamula dengu la zovala zoti achape.

"Manje uchichosa olo uchisiya?" anafunsa m'Chinyanja chawo cha ku Lusaka. "Seluka, mpando wanga ulibe mlandu."

Luntha anatsika, chithunzi chili pakhoma pomwepo. Chinali cha msewu wa kunja kwa mzinda wina ku France, chojambulidwa ndi penti zaka zoposa zana zapitazo. Iye anagula kope yake ku Washington atangoyamba ntchito. Mumsewumo munalibe munthu. Kumanzere kunali nyumba yachikasu ya denga lofiira, kumanja mitengo, ndipo wojambulayo anachita kudontheza penti madontho madontho. Ukayandikira sumaona mtengo kapena nyumba. Ukataliikira, zonse zimabwerera m'malo mwake.

Bambo ake, a Namate a ku Chilomoni, ankaona dziko lonse motero, chifukwa ng'ala inali itawaphimba maso onse awiri. Tsiku loyamba kulankhulana pa vidiyo, Luntha ali m'nyumba yake yabwino ku Rockville, iwo anasuzumira mufoni imene Tiya, mlongo wake wa Luntha, anawagwirira, ndipo ataona chithunzicho kumbuyo kwa Luntha anachiyesa zenera n'kuliyamikira. Anati likuonetsa msewu wa zii, wa mabwana. Luntha anaseka osawongola. Munthu wamkulu anali atasangalala, ndiye awongolerenji?

Vuto linali lakuti a Namate ankakonda kufunsa. Lamulungu lililonse ankabwera ndi funso latsopano. M'nyumba yachikasuyo mumakhala ndani? Luntha anaikamo namwino wopuma ntchito ndi mwamuna wake wodwala miyendo. Nanga ana bwanji saoneka? Kuno ana amasewera m'nyumba. Nanga mitengo bwanji ili ndi masamba pamene iwe ukuti kukugwa chipale? Limeneli linamugwira pang'ono, koma anapeza yankho lakuti mitengo ina ya kuno siyoyola masamba, ndipo chipale amachikokolola mbandakucha. Kunena zoona, masewerawa ankamukoma. Tiya ankangoluma milomo kuseri kwa foni.

Kenaka bungwe lothandiza anthu limene Luntha ankagwirako ntchito linasowa omalithandiza, ndipo linatseka. Viza yake inali yomangirira pa ntchitoyo ngati mbuzi pachikhomo. Akapanda kupeza ina msanga, ayenera kutuluka m'dziko. Anafunsira kulikonse, koma theka la anzake linali kufunsira malo omwewo. Anasiya nyumba ya ku Rockville n'kusamukira kwa anti Lenifa, mayi wa kutchalitchi kwawo, amene anamupatsa chipinda cha pansi pa nyumba yawo ku Upper Marlboro, chopanda zenera, pambali pa makina ochapira. Chinthu choyamba kukhoma chinali chithunzicho. Kwa a Namate, Luntha sanasamuke. Za ntchito ngakhale Tiya sankadziwa.

Tsono mkati mwa sabatayo Tiya analemba kuti opaleshoni ya maso yayenda bwino. Adokotala anali atachotsa mabandeji, ndipo a Namate pobwerera kunyumba ankawerenga mokweza mawu olembedwa kumbuyo kwa minibasi iliyonse. Anali atalengeza kuti Lamulungu akufuna kuona zinthu ziwiri, nkhope ya mwana wawo ndi msewu wake.

Lamulungu lake linali lomweli.

Anti Lenifa anatula dengu pa makina namuuza kuti akaimbire panja, pa msewu weniweni. Luntha anali ataziganizira kale zimenezo. Kunja kunali Januwale, mitengo ili mbulanda, nyumba zonse za njerwa zofanana, yachikasu palibe. Anamuuza kuti anene kuti netiweki yavuta. Imeneyo ikanangomugulira sabata imodzi. Akachichotsa pakhoma chithunzicho, a Namate afunsa kumene zenera lapita. Akachisiya, achiona. Anaitembenuza nkhaniyo mbali zonse, iye amene kusukulu sankagona masamu asanatheke, koma iyi inalibe khomo.

"Amati chakudza sichiimba ng'oma," anatero anti Lenifa, "koma chako chaimba kuchoka pa Chitatu. Unali kuti?"

"Ndinali kuvina, anti."

Foni inalira. Anti Lenifa anakhala pa sitepe yomaliza, osayatsa makina.

A Namate anali atavala malaya oyera a kutchalitchi, diso limodzi likadali lofiira. Anamuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali, akumwetulira. Anati wawonda. Anati dazi limene layambalo ndi la kuchikazi, kwa malemu amayi ake, poti kwa a Namate tsitsi amapita nalo kumanda. Luntha anaseka, Tiya anaseka, ndipo kwa kanthawi zinaoneka ngati nkhope yokha yakwana.

"Tasuntha pang'ono," anatero a Namate, "ndione anansi athu."

Luntha anasuntha.

Ku Chilomoni tambala wina wosadziwa nthawi analira. A Namate anayandikitsa nkhope ku foni, kenaka anaitalikitsa, monga amachitira aliyense akaima pa chithunzicho koyamba.

"Ili si zenera."

"Ayi, adadi."

"Zenera lili mbali iti?"

"Mulibe."

Anamuuza kuti azungulitse foni pang'onopang'ono. Luntha anazungulitsa. Panadutsa mapaipi a m'denga, makatoni a mabuku, makina ochapira, matiresi pansi, sutikesi itaima pakona. Anti Lenifa anabisa miyendo kuti isaoneke. Poti maso anali ataona kale, pakamwa panalibenso chosunga, ndipo Luntha anafotokoza za bungwe, za viza, za makalata ofunsira ntchito amene sayankhidwa. Anafotokoza mwachidule, ngati nkhani ya munthu wina.

A Namate sanakalipe. Luntha akanakonda akanakalipa, chifukwa kupepesa amakudziwa. Iwo anangopukuta diso lofiira lija ndi kansalu.

"Bambo wa miyendo uja," anatero, "takhala tikumupempherera kumlaga. Mayi Chisale a kumlagako anasala kudya chifukwa cha iye. Ndikawauze kuti wachira, kapena wamwalira?"

Luntha anatembenukira ku nyumba yachikasu ija pakhoma.

"Iwe sitinakupempherere," anapitiriza a Namate motsitsa mawu. "Tinkati uli pabwino."

Anabweza foni. Luntha anaona denga la kwawo, kenaka nkhope ya Tiya. Kuseka kunali kutamuthera. Anafunsa chifukwa chimene achimwene ake sanamuuzire ngakhale iye, amene wakhala akuwasungira bodza la zenera nthawi yonseyi. Luntha anati ankayembekeza kuti ntchito ipezeka nkhani isanafike. Tiya anafunsa ngati ilipo imene ikuoneka. Iye anayang'ana anti Lenifa, amene ankayang'ana m'dengu lawo, ndipo anati palibe.

Kumbali kunamveka mawu a a Namate, ndipo Tiya anatembenuka kumvetsera.

"Akuti ndikufunseni," anatero. "Chipinda cha kuseri chija, mmene muli malata ndi njinga. Achotsemo mwezi uno kapena wamawa, kuti mudzafikiremo?"

Luntha anakhala pa matiresi. Panali kampani ina ku Alexandria imene inali isanamukane. Inali isanamuyankhenso.

"Auze wamawa."

Tiya anawauza. Patapita kanthawi, mufonimo munayamba kumveka phokoso la malata akukokedwa pa simenti, limodzi limodzi.