Fano la Dwight Hollenbeck

Dwight Hollenbeck anali asanakwereko bwato chibadwire, koma ku San Diego ankadzitcha katswiri wa zilumba za m'nyanja ya Pasifiki. Ukatswiri wonsewo anautola m'bala ya Gus, chipinda chopanda mazenera chokongoletsedwa ndi udzu wapulasitiki. M'menemo azibambo a mimba zawo ankavala malaya amaluwamaluwa n'kumamwa mowa wa ramu wothira madzi a chinanazi m'zikho zadothi zoumbidwa ngati mafano olusa.

Kunyumba kwake zikho zotere zinadzaza pabalaza mpaka kukhitchini. Mkazi wake Marlys ankaumba mbale, koma Dwight ankati zimenezo ndi zamasanje, chikho chenicheni chimafuna mzimu wa kuzilumba. Mayiyo atatopa anasamukira kwa mchemwali wake, ndipo Dwight anasangalala kuti kabati ina yoikamo zikho yapezeka.

Chaka chotsatira Gus analengeza kuti kwabwera zikho zatsopano zowerengeka, ndipo woumba wake sakufuna kutchulidwa. Dwight anafika bala isanatsegulidwe, n'kukhala woyamba pamzere. Chikho chimene anagula chinali ndi masaya olendewera, mphuno yokhotera kumanzere, njerewere pachibwano, ndi pakamwa poyasama ngati pa munthu wosamaliza kulankhula.

Anachikweza m'mwamba n'kuyamba kuphunzitsa anzake. Anati ameneyu ndi mulungu wakale wa mphepo amene anthu a kuzilumba ankamuopa kwabasi, ndipo kukhota kwa mphunoko kumasonyeza nzeru. Anzakewo ankati akayang'ana chikho, n'kuyang'ana mwini wake, ankangoweramira zakumwa zawo mapewa akugwedezeka.

"Dwight, mulungu wakoyu sukumana naye pometa ndevu?" anafunsa Gus.

Dwight anatembenukira ku galasi la kuseri kwa mabotolo. Anaona mphuno ziwiri zokhota ndi njerewere ziwiri. Atazondotsa chikhocho anapeza kachizindikiro ka Marlys, komwe kanali pa mbale iliyonse imene ankadyera kwawo.

Anafuna kugula zonse kuti akaswe, koma zinali zitatha kale, ndipo anthu ankamwera m'mutu mwake atatsomekamo timaambulera tapepala. M'mawa mwake anaimbira foni Marlys n'kumuopseza kuti akamusumira.

"Kasume," anatero Marlys. "Koma ukalumbire wekha pamaso pa woweruza kuti nkhope imeneyo ndi yako."

Dwight sanakasume. Anasowa ku bala kwa kanthawi, kenako anamva kuti chikhocho chatchuka ndipo anthu akuchifunafuna mpaka ku Chicago. Anabwerera, n'kusankha mpando wapakhomo. Mlendo akafuna kumujambula, Dwight ankagunditsa chikho patsaya, n'kuyasama kuti afanane bwinobwino.