Chitseko cha Masiku Asanu ndi Limodzi

Mudzi wathu wa pamwamba pa phiri umatchedwa Pachitseko. Kodi mungalote kuti chitseko chimenecho chili kuti lero?

Tinakwera kuno tili mabanja asanu, tonse ocheka matabwa. Msewu kunalibe, ndipo malowo analibe dzina. Matabwa abwino onse tinkatsitsira ogula, pakhomo panga n'kumalendewera chiguduli.

"Ndinu mmisiri wanji inu, bambo?" ankatero mkazi wanga, dzanja lili pamimba. "Mwanayu abadwire m'nyumba yotseka ndi thumba?"

"Mphepo ya kuno ndi yaulemu, imayamba yagogoda."

"Igogoda pati?"

Ndinakhoma chitseko m'mwezi wake womaliza. Ndinachipala masiku atatu mpaka chinasalala ngati tsaya la khanda. Iye anachitsegula ndi kuchitseka kakhumi konse, akuseka.

Chinakhala pakhomo masiku asanu ndi limodzi okha. M'mawa wotsatira, mkazi wa Wamtali, mnzanga wocheka naye, anatuluka m'nyumbamo manja ali magazi okhaokha.

"Alamu, izi zandikulira. Thamangani nawo kuchipatala."

Machira tinalibe. Wamtali anayang'ana chitseko, kenaka anayang'ana ine. Mahinjesi ndinazula ndekha.

Tinamunyamula anthu anayi m'kanjira koterera, ulendo wa maola atatu. Tili pakati, anatsegula maso n'kusisita thabwa limene anagonapo.

"Mwapala bwino, bambo. Sichikundibaya."

"Sungani mphamvu, mayi."

"Mukachibwezeretse. Mwana angazizidwe."

Kuchipatala, kalaliki anakweza cholembera. "Mudzi?"

Tinangoyang'anana. Mlonda wa pageti ndiye anatiyankhira: "Lembani kuti ndi aja abwera pa chitseko." Analembadi.

Mwana, wamkazi, anakhala moyo. Mayi ake tinakwera nawo pa chitseko chomwecho, atafunditsidwa mpaka kumutu.

Ndinkafuna kuchita zimene anandiuza. Koma maliro asanazizire, mtengo unagwera mng'ono wake wa Wamtali, anthu n'kubwera kudzapempha chitsekocho. Kenaka mwana wina analumidwa ndi njoka. Chikangotulukira pageti, achipatala ankati, "A pachitseko abweranso." Ena mwa odwalawo anabwerera akuyenda okha, ena ayi. Dzina lija linachoka m'kaundula wa chipatala n'kulowa pa makalata, kenaka pa chikwangwani cha sukulu.

Lero kuno kuli nyumba makumi anayi, ndipo zitseko zake zambiri ndinakhoma ndine. Koma ndikati ndiyeze pakhomo panga kuti ndikhome china, manja amakana. Mwana wanga anakulira kuseri kwa chiguduli, akutsokomola nyengo yozizira iliyonse. Tsiku lina, ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, anandifunsa kuti, "Ababa, bwanji ife tokha?" Ndinamufunditsa jekete langa.

Msewu sunafikebe. Chitsekocho chili kuseri kwa nyumba yanga, chotsamira khoma, m'mbali mwake mutada ndi manja a onyamula.