Ng'ombe Yopukwa Kwawo

A Bartolomeyo, msodzi wa ku Chiwanga, atagula ng'ombe ku Maniamba ankaidyetsa kudambo, komwe msipu suuma. Koma inkangowonda. Iwo anati yapukwa kwawo kumapiri, ndiye m'mawa uliwonse ankaiimbira nyimbo za kutchalitchi.

Dona Inês, dokotala wa ziweto, anawapeza ali pa ndime yachitatu. Anayang'ana ng'ombeyo m'zikope, nagwira chotupa cha kukhosi.

"Bambo, izi ndi nyongolotsi za m'chiwindi, zimachokera ku nkhono za m'damboli. Muzikaidyetsa kumtunda."

Anaimwetsa mankhwala. Ng'ombe inanenepa, koma mwini wake, pokwera chitunda kawiri pa tsiku, buluku linayamba kuwavuka. Akazi awo, a Priska, anangotenga msomali n'kuwonjezera bowo pa lamba.