Dayamondi m'Mchenga wa ku Chinsapo

Bambo anga anadula magalasi mu Lilongwe muno zaka makumi anayi, ndipo ine ndinaphunzira ntchitoyo m'manja mwawo. Ali gone kuchipatala ku Likuni sananene za nyumba kapena za munda wa ku Njewa ayi. Anangoti, "Elube, galasi la pa bokosi langa, loonera nkhope lija, udzadule ndiwe, ndi chodulira changa." Ndinawakalipira kuti asiye kulankhula zamalodza. Lachitatu m'mawa anatisiya.

Lachinayi ndinaika tebulo kuseri kwa nyumba yathu ku Chinsapo, amayi a Chigwirizano akuimba kutsogolo. Thupi linkayenera kutuluka kumochale 2 koloko masana, ndipo kalipentala ankangodikira galasi lokhalo. Chodulira cha bambocho n'chakalekale, chogwirira chake chinada ndi thukuta. Kunsonga kwake kuli kamkuwa, ndipo m'kamkuwamo munali kamwala kochepa ngati njere ya mawere, dayamondi weniweni. Ndinati ndiyese kaye pa chibenthu. Chinalira kamodzi, tswii, kenako zii. Nditachitembenuza ndinangoona kadzenje, kamwala kagwa pansi.

Mayo ine! Kuseri kwathuko bambo anathirako mchenga chifukwa cha matope, ndipo mumchengamo mwadzaza tizibenthu ta magalasi ta zaka zonsezo. Paliponse pamene ndimayang'ana pamanyezimira. Ndinalemba mzere ndi chala kuzungulira tebulo, n'kugwada pomwepo.

Anandipeza choncho mlongo wanga Misheck, wamng'ono kwa ine koma pakamwa ngati wailesi.

"Achemwali, musatichedwetse. Ndithamangire ku Biwi ndikatenge chodulira cha kawilo, mphindi pang'ono basi. Wakufa saona."

"Iwe Misheck, ukangobwereza mawu amenewo ndikuwomba mbama pamaliro pompano. Ndipo chotsa phazi lakolo pamzerepo!"

Phokoso lathulo ndi limene linabweretsa Abambo Flywell, aneba athu a ku Karonga, mkulu wa mpingo. Paunyamata wawo anagwirapo ntchito kumgodi wa dayamondi ku Mwadui, ku Tanzania, ndipo nkhani yawo iliyonse, ngakhale ya nkhuku, inkathera ku Mwadui komweko. Ife tinkawaseka kumbali, tinkati madalawa amakokomeza. Anamvetsera, anayang'ana mchenga uja, kenako anavula jekete la maliro n'kupinda manja a shati.

"Mwanawe, ndi maso sukapeza ngakhale ufufuze mpaka Khirisimasi. Ndipatseni thabwa losalala, girizi wa galimoto, ndi madzi ambiri."

"Girizi, abambo? Pamaliro?" anatero Misheck.

"Pita kwa makaniko uko, usandifunse ngati loya."

Anapaka girizi pathabwa lonse, wochindikala bwino, n'kulitsamiritsa pa njerwa kuti lipendekeke. Ine ndinasesa mchenga wonse wa mkati mwa mzere uja, unakwana mabeseni atatu. Iwo ankaunyowetsa, n'kumauwaza pang'onopang'ono kumtunda kwa thabwa, Misheck akuthira madzi.

"Mchenga ukanyowa umatsetsereka," anatero. "Galasi nalonso limatsetsereka. Koma dayamondi sagwirizana ndi madzi, sanyowa. Akangokhudza girizi amakakamira pomwepo. Kumgodi tinkamugwira chonchi."

Beseni loyamba linatha, pathabwa popanda kanthu. Mtima wanga unali m'mwamba, koma iwo osatekeseka, manja akugwira ntchito, pakamwa pakuyenda. Anati ku Botswana kuli dzenje la dayamondi loti magalimoto akuluakulu okhala pansi pake amaoneka ngati nyerere. Ku Namibia amamukoka pansi pa nyanja ndi sitima. Ku Canada amachita kutseka nyanja yozizira, n'kuchotsa madzi kuti amufike. Ku Russia amakumba nthaka youma gwaa ndi chisanu, yoti khasu lingathyoke. Anthu onsewo, abale inu, kuvutikira kamwala konga kamene bambo anga ankangokaponya m'thumba la ovolosi pamodzi ndi machesi!

Beseni lachiwiri linathanso chimodzimodzi. Nyimbo kutsogolo kuja inali itazilala, chifukwa amayi ena anali atabwera kudzaona chimene chikuchitika kuseri. Anaima mozungulira ndi mipango yawo yoyera. Wina ananong'ona kuti nthawi yadutsa 12 koloko. Ndinapemphera chamumtima, ndipo sindibisa, ndinali ndi mantha oti ndalephera chinthu chimodzi chokha chimene bambo anandipempha.

Beseni lachitatu lili pakati, Abambo Flywell anakweza dzanja. "Leka madzi."

Anawerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda girizi. Pakati pa thabwa panali kadontho kotuwa, kosaoneka bwino n'komwe. Madzi ankakalambalala, iko kali kouma. Anakatola ndi kamtengo ka machesi, n'kukaika pachikhatho panga.

"Kameneka, mwanawe, kanapangika pansi penipeni pa dziko, kutali kuposa kuchoka pano kukafika ku Kasungu, koma cholowera pansi. Kunalibe munthu nthawi imeneyo, kunalibe ngakhale mtengo. Moto wa pansi ndi umene unakakankhira kumtunda. Zaka zake akuzidziwa ndi Chauta yekha."

Mayi wina anati, "Ambuye ndi wamkulu," ndipo Misheck, mwini pakamwa uja, anangovula chipewa. Ndinakayang'anitsitsa kamwalako. Kanayenda ulendo wonsewo kuti kadzadule mawindo a m'Kawale ndi m'Mtandire m'manja mwa bambo anga.

Abambo Flywell anakabwezera m'kadzenje kake n'kufinya mkuwa ndi chopanira. Galasi labwino linalipo limodzi lokha. Ndinaika rula, ndinapuma kwambiri, n'kukoka kamodzi kuchoka uku kufika uko, chifukwa mzere wa dayamondi sabwereza. Tswiiii. Ndinagogoda kunsi, n'kupinda. Thee! Linaduka mowongoka bwino, popanda ndi kamng'alu komwe. Misheck analikulunga m'bulangete n'kukwera nalo kabaza atalikumbatira pachifuwa.

Madzulo bokosi litafika pakhomo, anatsegula kachivundikiro kuti tione nkhope. Ndinaima pamzere ngati wina aliyense. Itakwana nthawi yanga, ndinayamba ndayang'ana m'mbali mwa galasi, mwachizolowezi, ngati lakhala bwino. Linakhala bwino zedi. Kenako ndinaona bambo, ali phee, tayi yawo itakhota pang'ono.

"Ndadula, bambo," ndinatero.

Ndinadikira kuti andiuze ntchito yotsatira. Apo m'pamene ndinayamba kulira, amayi awiri n'kundigwira m'khwapa.